Nkhanu Yachitsulo M'dzenje la Njerwa

Mwana atangosowa, anthu a m'Chinsapo sanachedwe kupeza womudya.

Tina, kamtsikana ka zaka zisanu ka mayi Jacinta, kanatsikira kudzenje la njerwa limodzi ndi Suwilanji, mkazi wa Esau wokonza mawailesi, tsiku la chimvula chija chinagwetsa zimbudzi. Suwilanji sanakane. Anati inde, mwanayo anamutsatira kochapa monga mwa masiku onse, ndipo mitambo itada anamuuza kuti athamangire kunyumba. Anamuona akukwera kanjira ka m'chimanga kodutsa pamwamba pa dzenje. Kenako iye anawerama kufinya zovala, mvula n'kuyamba. Basi. Kunyumba mwana sanafike.

Amuna anapita ndi nsungwi, anabayabaya m'mbali momwe nsungwi zinkafika pansi, osapeza kanthu. Kwinako kunalibe nsungwi yofika. Oumba njerwa anakumba pamenepo zaka ndi zaka, ndiye dzinja linadzazamo madzi ooneka ngati tiyi wamkaka, oti ukaviika dzanja zala zako zomwe osaziona. Wolimba mtima kulowamo panalibe. Amene anatumidwa kukaimba foni kutauni anabwera ndi yankho lakuti galimoto ya apolisi ilibe mafuta.

Pamenepo milomo inayamba ntchito. Anati mkazi uja wakhala pabanja zaka zonsezi wopanda mwana, nanga ana a eni amawafunira chiyani, kumawapatsa zitumbuwa tsiku ndi tsiku. Anati kwawo ndi ku Chitipa, kumalire, kumene magalimoto amawoloka ndi katundu wosatsegulidwa. Wina anati anaona galimoto yoyera yamagalasi akuda itaima pamsewu wa ku Likuni, ndipo posakhalitsa galimotoyo inali itaonedwa ndi theka la Chinsapo, kuphatikizapo anthu amene tsikulo anali ku Kanengo akusankha fodya. Ankangomutchula kuti Mtumbuka uja, chonsecho Suwilanji ndi Mlambya, Chitumbuka amachimva mopereweza ngati iwo omwe. Koma kwa anthu amenewa, ukangodutsa Kasungu ndiwe mtundu umodzi, ndipo mlandu wako ndi umodzi.

Inali nyengo yoipa kukhala ndi mlandu. Matipate anali atangobwera, a Payoniya atabalalika, ndipo anthu amene anakhala zaka zambirimbiri akuopa ngakhale kutsokomola anazindikira kuti tsopano woweruza ndi aliyense amene ali ndi machesi. Mwezi wapitawo pa Biwi, pafupi ndi benchi imene Esau ankakonzerapo mawailesi, anagwira munthu ndi nsapato zakuba. Esau anaona tayala likugubuduzidwa. Anamva fungo. Kuyambira tsiku limenelo akadutsa pa chiwaya cha nyama ankatembenuza nkhope.

M'mawa wina basi ya ku Dedza inatsitsa a Luckson, mlongo wake wamkulu wa Jacinta, munthu wamtali wouma amene anasiya chifuwa chake ku migodi ya ku Joni n'kubwera ndi chikhosomole. Bambo ake a Tina analipo, koma ankangokhala pakhonde mutu uli m'manja. Mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mawu ndi a malume. A Luckson sanamwe ndi madzi omwe. Anamva zonse zimene anauzidwa, nayenda molunjika kukaima pakhomo pa Esau, kumbuyo kwawo kuli gulu, ndipo m'gulumo anyamata awiri atakhalira tayala ngati mpando.

"Dzuwa likamapendeka mwana wanga ndimuone, wamoyo kapena wakufa," anatero a Luckson, osakweza mawu. "Apo ayi, mkazi wakoyo atiuza yekha kumene anamupititsa."

Esau magazi anamuthamangira kumutu. Anayamba kuwafunsa ngati kusabereka kunasanduka mlandu liti m'dziko muno, ngati pali mmodzi mwa iwo amene anaona ndi maso ake, ngati zitumbuwa zija ana awo sankazidya mpaka kunyambita zala. Akanapitiriza, ndipo mwina zonse zikanathera pomwepo, koma dzanja linamukoka malaya kuchokera kuseri kwa chitseko. Analowa, natseka.

Suwilanji anali atakhala pansi, msana utatsamira khoma la mkati, kutali ndi zenera. Nkhope yake inali itaphwa ngati ya munthu wochira malungo. Esau anamuuza kuti akatuluka iye, akhome chitseko, akankhirepo bedi ndi kabati, asatsegulire munthu aliyense ngakhale abusa. Anati akupita kudzenje ndi nkhanu.

Nkhanu imeneyi ndi chinthu chimene Chinsapo yense ankachiseka. Esau sukulu analekezera Sitandade 7, koma manja ake sankadziwa kukhala. Mkulu wake anafera m'chitsime ku Mgona akukavuula ndowa ya abwana ena, ndowa yamalata yobooka kale, ndipo abwanawo pamaliro anatumiza shuga. Kuchokera pamenepo Esau analumbira kuti apanga chinthu cholowa m'madzi m'malo mwa munthu wosauka. Choyamba anachipanga ngati galimoto yamawaya, matayala anayi ndi tochi kutsogolo. Chinatitimira m'matope pomwe chinafikirapo, tochi n'kumangounikira utoto wofiira. Chachiwiri anachiika mapiko a fani kuti chizisambira, koma chinavundula matope n'kudzikwirira chokha. Ndiye analeka kutengera magalimoto, nayamba kufunsa eni ake a m'madzimo. Anagwira nkhanu kumtsinje wa Lilongwe, naiika m'beseni lamatope, n'kumaiyang'ana Lamulungu lonse anzake ali kumpira. Anaona kuti nkhanu sititimira chifukwa ndi yaphwatalala, kulemera kwake imagawira miyendo yambiri yotambasuka, ndipo silimbana ndi matope, imangotsetsereka cham'mbali. Tsiku lina anabwera ndi mlamba wamoyo, Suwilanji n'kuyamba kusenda anyezi, koma iye anauponya m'madzi ovundula bii, naponyamo nyongolotsi. Mlamba unaipeza osasochera, ndi ndevu zokha. Pamenepo anataya tochi.

Chimene chinatuluka pamapeto pake chinali mbale ziwiri zazikulu zophatikiza, zomata ndi chubu cha njinga ndi phula, mkati muli mota ya mawaipala a galimoto yakufa. Miyendo isanu ndi umodzi yazitsulo za ambulera, mapazi a zidutswa za mapatapata. Kutsogolo zopanira ziwiri zotsekeka ukakoka kachingwe, ndiponso ndevu za waya wa mabuleki, zomangirira ku kamaikolofoni ka m'kaseti kokutidwa ndi kondomu kuti kasanyowe. Chingwe chachikulu chinkakwera kumtunda limodzi ndi mawaya, ena opita ku batire ya galimoto yoyendetsa miyendo, ena ku wailesi yakale imene anaisandutsa chokuzira mawu. Chilichonse chimene ndevu zakhudza pansi pamadzi, Esau ankachimva kumtunda. Ndowa inali ndi kulira kwake, mwala kwake, muzu kwake. M'zitsime nkhanuyo inali itavuulapo ndowa zingapo ndi chitenje cha mayi wina. M'dzenje lalikulu chonchi inali isanalowepo.

Ali pafupi kutuluka khomo lakuseri, Suwilanji anamuitana.

"A Mbewe, ine ndikupemphera kuti musakamupeze mmenemo."

Esau anaima wilibala ili m'manja. Anafuna kumukalipira, kumufunsa ngati sanaone tayala lija. Koma anadziwa zimene mkazi wake ankanena. Mwana akasowa m'dzenjemo, ndiye kuti penapake akupuma, akulira, akufuna kwawo. Ndipo anadziwanso pemphero limene iye mwini ananyamula kuyambira m'mawa, pemphero loti sangalinene pamaso pa munthu, lakuti kamtsikana kamene kankakhala pamwendo pake n'kumasewera ndi masikuluu kakhale kali gone pansi pamatope. Anakankha wilibala, natuluka. Anamva bedi likukwekwerezedwa kumbuyo kwake.

Gulu linamutsatira. Wina anafunsa ngati ndege yake lero yaganiza zouluka masana. Wina anati nkhanu yochita kuvala kondomu ikuopa kutenga chiyani m'madzimo, ndipo ena anaseka, koma kunali kuseka kouma, kothera pakhosi. Mayi wina anakoka ana ake n'kunena mokweza kuti zinthu zimenezi ndi zimene amayendera anthuwa, lero zangoonekera poyera. Esau anangoti maso pa wilibala. Ankawerenga nkhope m'mbali mwa diso, kufuna kudziwa ngati anyamata a tayala aja abwera nawo. Anabwera. Mtima unatsikako pang'ono, poti sanatsalire kunyumba.

Atafika sanapite pamwala wochapira pomwe amuna anabayabaya kale. Anatsata kanjira kamene Suwilanji ananena, ka m'chimanga, ndipo pamalo pena anaona kuti gombe lagumuka kumene, dothi lofiira lili poyera, mapesi awiri akulendewera mizu ili m'mwamba. Pansi pake madzi ankayambira pakuya. Aliyense woyang'ana ndi maso ofuna mwana akanapaona, koma anthuwa ankafuna mfiti. Anatsitsa batire, naika wailesi pafupi ndi khutu lake mawu ali pansi, natsitsira nkhanu m'madzi pang'onopang'ono mpaka chingwe chinalefuka. Anagunditsa waya pa batire. M'wailesi munamveka mota ikung'ung'udza, kenako khwee, khwee, ndevu zikukanda dothi lolimba. Timiyala. Khwee. Muzu unakwapula n'kudutsa.

Kenako phokoso linazima.

Silinathe ngati waya wadukira. Linafewa. Ndevu zinalowa m'chinthu chosakanda, ndipo kenako kunamveka kanthu kosalala, fwee, fwee, kamene Esau anakamvapo kamodzi kokha, tsiku la chitenje cha m'chitsime. Mota inalemedwa, inakankha chinthu chimene chinasuntha pang'ono n'kubwerera. Anthu ena anali asanamalize n'komwe kutsika m'chimanga. A Luckson anali akukhosomolabe potsetsereka.

Dzanja lake linali kale pa kachingwe ka zopanira pamene mawu a mwamuna wina anamveka kumbuyo kwake, osalankhula ndi iye, akuuza mnzake chabe.

"Waona? Sanafunefune n'komwe. Wangolunjika pamalo pake."

Mnzakeyo anayankha kuti woika chinthu sasowa pomwe anachiika.

Esau anachotsa dzanja pakachingwe ngati wagwira mbaula. Anaona zonse bwinobwino, ngati kanema wa pa Biwi. Akakoka tsopano, mwana atuluka anthu asanakhale ndi pansi pomwe, ndipo palibe adzanene kuti gombe linagumuka. Adzanena kuti mwamuna ndi mkazi anamuponya okha, ndipo chinyama chawo chachitsulo chapita kukatenga pomwe anachiuza. Matayala adzakhala awiri. Chilungamo anali nacho kumapeto kwa chingwe, koma chitatuluka m'manja mwake chikanasanduka umboni womuphera.

Anatembenuza mawaya pa batire. Nkhanu inabwerera m'mbuyo, ndevu zinachoka pansalu, khwee wa dothi n'kuyambiranso. Anamusiya mwana pomwepo, yekha, mumdima wamatope. Anakoka nkhanu mpaka inatuluka ikudontha.

Anthu anayamba kung'ung'udza kuti walephera. Esau ananyamula nkhanuyo, napita pomwe a Luckson anaima, nanjuta pansi ngati mkamwini pamaso pa apongozi.

"Bambo, ndalakwitsa, ndinathamanga. Mwana ali ndi mwini wake. Ine ndine ndani kuti ndiyambe kukhudza mbumba yanu inu muli chilili pomwepa? Chingwe ndi ichi. Mufunefune ndinu."

Kenako amayi achikulire a ku Dedza ndi ku Ntcheu, amene anazungulira Jacinta, anayamba kuvomereza chapansipansi kuti mwanayu wanena zoona, kwathu zimatero, mlendo sayamba kugwira. A Luckson anayang'ana chinthucho ngati ayang'ana chonyansa cha galu. Koma mawu anali atanenedwa pagulu, ndipo mwinimbumba wokana kufuna mwana wake pamaso pa mlongo wake angabwerere bwanji kumudzi? Analandira chingwe. Anati koma malo asankha okha, sangaponye pomwe wasankha mwamuna wa mkazi uja. Ndipo anayenda kuzungulira dzenje lonse mpaka tsidya lina, pamwala wochapira, kutali kwenikweni ndi pogumuka paja.

Esau anawatsatira ndi batire pamapewa.

Anakweza wailesi mpaka pamapeto kuti aliyense azimva. Anawaonetsa a Luckson pogunditsa waya kuti iyende, potembenuza kuti ibwerere, ndiponso mmene angaikhotetsere pokoka chingwe cham'mbali. Anawauza kuti uku kukanda ndi dothi, uku kugogoda ndi njerwa yosweka. A Luckson anagwira ntchito m'makina zaka zambiri pansi panthaka, ndipo manja awo anazolowera msanga kuposa mmene nkhope yawo inkafunira. Anthu anaunjikana. Kuseka kunatha. Dzenje lonse linkangomveka khwee, khwee, ngati munthu akukanda chitseko kuchokera mkati.

Anapana kanthu, nakoka: chitini cha mafuta ophikira. Anaponyanso. Thumba la feteleza lodzaza matope, limene linachititsa Jacinta kukuwa lisanatuluke. Nsapato ya munthu wamkulu. Ulendo uliwonse nkhanu inkapita patali pang'ono, koma kumanja, nthawi zonse kumanja, ndipo Esau ankaluma lilime mpaka kumva mchere. Liwu limodzi lokha, kumanzere, linali pakamwa pake ngati khala lamoto. Akanalinena, wina akanafunsa kuti wadziwa bwanji.

Dzuwa linadutsa pamutu. Kumadzulo, mbali ya ku Likuni, mitambo inayamba kuunjikana. Mota m'wailesi inasintha mawu, inayamba kukoka ngati kaseti ya mabatire otha. Esau anatembenuka kufuna anyamata aja. Pomwe anakhala panali udzu wopondedwa basi. Anawaona kumtunda, akulowa m'chimanga, mmodzi akugubuduza tayala ndi kamtengo ngati mwana wosewera, ndipo kumbuyo kwawo ena akutsatira mmodzimmodzi, anthu otopa ndi kudikira. Anaganiza za bedi lija, bedi la matabwa opyapyala limene anagula pa Kawale. Anaganiza za zenera lopanda zitsulo. Miyendo inafuna kuthamanga, koma akanathamanga gulu lonse likanathamangira pambuyo pake, ndipo chingwe chikanatayidwa m'madzi.

Mota inang'ung'udza komaliza, n'kuima. Nkhanu inali penapake pakati pa dzenje, chingwe chonse chitatha.

A Luckson anagunditsa waya kawiri katatu, nautaya. Anati chidole chafa, ndipo nthawi imene anapereka yakwana. Anayamba kukulunga chingwe padzanja kuti akoke.

Esau anawaletsa. Anati akakokera pomwepo nkhanu ikodwa pa mulu wa njerwa umene anaugunda popita, chingwe chiduka. Anati ndi bwino akakokere pamalo okwera, tsidya lija, pomwe chingwe chingabwere chopendekera m'mwamba. Anati wailesi ili ndi mabatire akeake, izimvekabe, ndipo chingwe anachimanga pamwamba pa zopanira, choncho pokokedwa ndevu zimakhala patsogolo. Zonsezi zinali zoona. Koma sanathe kuwayang'ana m'maso ponena.

A Luckson anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako ananyamuka ndi chingwe, nazungulira dzenje, Esau akutsatira ndi wailesi, gulu lotsalalo likutsatira iwo. Atafika m'chimanga Esau anaika wailesi pansi pafupi ndi mapesi olendewera aja, ngati kuti wangotopa nayo. A Luckson anaima pomwe panali wailesi.

Anakoka pang'onopang'ono, dzanja pambuyo pa dzanja. Khwee. Khwee. Madontho oyamba a mvula anayamba kuboola madzi. Esau anatseka maso. Sanadziwe ngati mzere wake uli woona, ngati nkhanu idutsa mkono umodzi kumbali n'kutuluka yopanda kanthu. Timiyala. Muzu uja unakwapula, ndipo anauzindikira.

Phokoso linazima.

Panalibe amene anaphunzitsidwa kulira kumeneko, koma Jacinta anaimirira. Fwee, inatero wailesi. Fwee.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa a Luckson.

"Kokani kachingwe kakang'onoko, bambo."

A Luckson sanakoke. Anawerama ngati akukonza chingwe, nkhope yawo n'kufika pafupi ndi khutu la Esau, mpweya wawo ukununkha fodya wachingambwe.

"Paja unayambira pompano."

"Eya."

"Unamva."

Moyo wa Esau ndi wa mkazi wake unali pakamwa pa munthu ameneyu, ndipo panangofunika kuti aweramuke n'kubwereza mawu omwewo mokweza. A Luckson anayang'ana dothi lofiira logumuka pansi pa mapazi awo, anayang'ana mapesi aja, anayang'ana kumtunda kumene anyamata analowera. Anakhosomola nthawi yaitali. Kenako anakoka kachingwe, ndipo m'wailesi munamveka zopanira zikutsekeka pansalu.

Chinayamba kuoneka ndi diresi, lachikasu pansi pa matope. A Luckson anatsetserekera m'madzi mpaka m'chifuwa, namunyamula okha. Amayi achikulire anathamanga ndi zitenje, nazungulira mwanayo ngati mpanda, amuna onse n'kutembenukira kumbali. Mkati mwa mpandawo munali chete woopsa kuposa kulira, chifukwa aliyense ankadziwa chimene akuyang'ana. Patapita nthawi mayi mmodzi wa imvi anatuluka, napukuta manja pachitenje. Anati mwana ndi wathunthu, palibe chochotsedwa, palibe bala. Anati m'manja mwake wafumbata udzu wa pagombe, mizu ndi dothi lomwe. Ndi madzi.

Pamenepo Jacinta analira, ndipo amayi onse anamulandira.

"Ndamuvuula ndine, ndi manja angawa, pamalo pomwe ndinaima ndekha," anatero a Luckson mokweza, madzi akuchucha m'malaya. "Wina ali ndi mawu?"

Esau sanadikire kumva ngati alipo. Anasiya nkhanu, batire, wailesi, nathamanga m'chimanga masamba akumucheka kumaso, mvula ikukula. Anagwa potsetsereka, nadzuka, nathamangabe. Ankayang'ana kumwamba kwa madenga kufuna utsi.

Utsi kunalibe. Kulira kwa maliro kunali kutamupitirira m'njira, kunafika iye asanafike, ndipo kulira kumeneko aliyense wobadwira kuno amakudziwa. Anapeza zenera litaswedwa, chitseko chitang'aluka m'munsi pomwe ankachiponda, kachigubu ka parafini kali pakhonde. Anyamata anali ataima motalikirana, manja m'matumba, ngati anthu odikira minibasi. Mmodzi anati ankangowalonderako nyumba, achimwene, masiku ano anthu ndi oipa.

Esau anatola njerwa. Anaona bwinobwino pomwe ikanafikira, pamwamba pa khutu la wolankhulayo, ndipo mkono unali utakwera kale pamene anamva bedi likukwekwerezedwa mkati. Chitseko chinatseguka. Suwilanji anatuluka magalasi ali m'tsitsi, kachilonda kali pachipumi. Sanayang'ane anyamatawo, ndipo iwo anasungunuka mmodzimmodzi kuseri kwa nyumba. Anayang'ana mwamuna wake, nafunsa ndi maso. Esau anagwetsa njerwa, nagwedeza mutu.

Suwilanji anakhala pansi pakhonde pomwepo, pambali pa parafini, nalira. Sikunali kulira kwa munthu wopulumuka. Ankaitana dzina la mwanayo, n'kumanena m'chinenero chakwawo mawu amene Esau sankawamva. Iye anangoima pamvula. Mkwiyo unalibe kopita. Palibe amene adzabwere kudzapepesa, ankadziwa. Mawa omwewa adzabweretsa mawailesi awo pa Biwi n'kumanenerera mtengo, ndipo galimoto yoyera ija palibe adzakumbuke kuti anaiona.

Atatha kulira Suwilanji analowa m'nyumba, natuluka atamanga duku ndi chitenje chakuda. Esau anaimirira pakhomo. Anamuuza kuti sapita kulikonse, anthu omwewa m'mawa uno amafuna kumuotcha, mitima sinazizire, pakhoza kupezeka mmodzi wonena kuti bwanji sanamuperekeze mwana mpaka pakhomo. Anati alongedze, mawa akwere basi, akakhale kaye kwa achemwali ake ku Area 25.

"Ndikapanda kulowa m'nyumba imene ija lero, sindidzalowanso m'nyumba iliyonse m'Chinsapo muno," anatero Suwilanji. "Komanso ndi mwana wanga uja, a Mbewe. Ndipatseni njira."

Anamupatsa. Anamutsatira patali pang'ono mpaka kwa Jacinta, kumene amuna anali atayamba kale kumanga chisakasa cha matumba ndi kudula nthambi zoika pamsewu. Amayi amene anali pakhomo atamuona Suwilanji analeka kulankhula. Iye anavula mapatapata, nawerama, nalowa. Nsalu ya pakhomo inagwa kumbuyo kwake.

Esau anakhala pa njerwa pakati pa amuna amene sankamuyang'ana. Wina anamusunthira pang'ono kuti asanyowe. A Luckson anali tsidya lina la chisakasa atafunda bulangete, maso ali pansi. Esau khutu lake lonse linali kunsalu ija. Mkati nyimbo inali itaima. Anamva mawu a mkazi mmodzi akukwera, akuthwa, ndipo anagwira njerwa imene anakhalira, okonzeka kudumpha. Mawu ena achikulire anawadula. Kenako wina anayambitsa nyimbo, ena n'kulandira.

Mvula itadukiza, nsalu inatseguka, natuluka amayi ndi ndowa kupita kumpopi. Suwilanji anatuluka pamapeto, ndowa ya kwa Jacinta ili m'manja. Anzakewo anatsogola osamudikira, mpata waukulu uli pakati pawo ndi iye. Pokhota, mayi wa imvi uja anaima ngati akukonza nkhata, mpaka Suwilanji anamupeza, ndipo anakhotera limodzi kuseri kwa nyumba.

Esau sanachotse maso pakona imeneyo mpaka ndowa zinabwerera.